Matayala Obwereka

Bambo Anacleto ankamudziwa mwana wawo wamkazi akakhala m'galimoto basi.

M'nyumba, Zulmira akawabweretsera tiyi, ankamuthokoza mwaulemu ngati mlendo, n'kumufunsa kuti kwawo n'kuti. Tsiku lina ankamuitana dzina la malemu mkazi wawo, tsiku lina n'kumubisira shuga pomuyesa wakuba. Adokotala anali nalo dzina la matendawo, koma mankhwala analibe. Mankhwala anali pabwalo, pansi pa kadenga ka malata: galimoto ya Pijo yoyera, yakale, imene mwini wake ankaitcha Njiwa.

Njiwa inaphunzitsa theka la mzinda wa Beira kuyendetsa galimoto, ndipo mphunzitsi wake anali Bambo Anacleto. Zulmira akangowatsegulira chitseko n'kuwakhazika pampando wa kumanzere, pomwe anathera moyo wawo wonse, nkhope yawo inkasintha ngati nyumba imene ayatsamo nyali. Ankawongola msana, n'kuika dzanja pa bondo.

"Galasi kaye, Zulmira. Ukuthamangira kuti?"

Dzina lakelo ankalimva Lamulungu lokha, pa msewu wopita kunyanja ku Macuti. Mlungu wonse ankakhalira kudikira mawu amenewo. Ndipo Lamulungu lililonse, akayang'ana pagalasi monga anamuuzira, ankaona njinga yamoto yofiira kutali kumbuyo, yosayandikira, yosapitirira. Masiku ena ankaiopa. Masiku ena ankaipekera nkhani mumtima, n'kuipatsa nkhope imene sakanaulula kwa munthu.

Koma Njiwa nayo inali itakalamba. Mchere wa kunyanja unali utaidya m'mphepete mwa zitseko, ndipo ikalira m'mawa inkatsokomola ngati munthu wa fodya. Horácio, mchimwene wake wa Zulmira, amene ankakhala ku Ponta-Gêa ndi banja lake, anali atatopa nayo.

"Udzapha Bambo ndi chiphakasa chimenechi," anatero tsiku lina ataima pabwalo. "Ndimve bwino. Ikakalephera kokayezetsa chaka chino, ikupita kwa odula zitsulo ku Munhava. Ikapambana, ikhala pano mpaka pepala lake litatha. Ndalumbira pamanda a Amayi."

"Achimwene, mukudziwa kuti akatsika m'menemu satidziwa."

"Ndikudziwanso kuti m'bokosi sadzatidziwa."

Sanabwere yekha tsikulo. Anali ndi bambo wina wamfupi wa kwa odula zitsulo komweko, wa manja opserera, magalasi akuda owotcherera zitsulo atawakweza pachipumi ngati maso ena awiri. Bamboyo sanapereke moni. Anaizungulira Njiwa pang'onopang'ono monga achitira wogula mbuzi ya pamaliro, akuigogoda m'nthiti ndi chala. Atafika pagalasi lakutsogolo anawerama n'kuwerenga tsiku lothera pepala lakale, milomo ikugwedera. Kenako anamwetulira.

Kuyambira pamenepo Zulmira sanapume. Anasintha babu la nyali yakumbuyo, anamatitsa paipi ya utsi, anatsuka injini mpaka inaoneka ngati ya mnyamata. Chinatsala chinali matayala. Onse anayi anali osalala ngati dazi, ndipo atsopano sakanawafikira. Komabe aliyense wa galimoto yokalamba mu Beira amaudziwa mtengo wa mango umene uli chapafupi ndi geti la malo oyezera magalimoto, ndi ntchito imene imachitika pansi pake.

M'mawa wa tsiku lokayezetsa kunacha kopanda mphepo. Mitambo inali itatsika, yotuwa ngati phulusa, koma mvula osagwa. Akhwangwala anali atandanda pawaya wa magetsi, chete. Zulmira anawaveka bambo ake malaya oyera ndi chipewa chawo chakale, poti analibe wowasiyira, ndipo ananyamuka.

Pansi pa mango panali kale magalimoto angapo, ena ali pa jeke, miyendo m'mwamba. Apa munthu ankabwereka chilichonse cha m'mawa umodzi: matayala, nyali, galasi lam'mbali, ngakhale chozimira moto. Ukatuluka pa geti ndi pepala lako, umabwerera kudzavula zonse, mnzako n'kuvala. Mwini matayala anali Felizardo, mnyamata wamtali wa mpata m'mano, amene anaphunzira sukulu imodzi ndi Zulmira ku Manga. Atamuona anapukuta manja pa ovolosi, kupukuta kosatha.

"Eee, Dona Zulmira! Mwabwera nayo mkwatibwi?"

"Usandiyambe, Felizardo. Mtima uli m'khosi."

"Mtima ubwezeni m'malo mwake. Agogo, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka," anayankha Bambo Anacleto pawindo. "Iwe, galimoto suitsamira. Si khoma la kwanu."

Amuna amene anakhala pa matayala akudya buledi ndi bajiya, tizitumbuwa ta nyemba, anaseka. Mmodzi, wa takisi, wamimba yaikulu, anakuwa: "Auze, mdala! Ameneyu akutsamira galimoto poti mwini wake akumuopa!"

Felizardo ananamizira kusamva. Anapita kuseri kwa mtengo n'kukavundukula lona. Pansi pake panali matayala anayi akuda bii, mano ake akuthwa.

"Awa ndi suti ya ukwati," anatero akuwagubuduza. "Akwatitsa magalimoto ambiri, ndipo palibe amene anabwezedwa paguwa."

Zulmira sanamve bwino nthabwalayo. Maso ake anali pa chinthu china chimene lona lija linavundukula mbali imodzi: njinga yamoto, yofiira. Anayang'ana kumbali msanga, makutu akutentha. Njinga zofiira mu Beira n'zosawerengeka, anadziuza.

Ntchito inayenda mofulumira. Tayala losalala kutuluka, la mano kulowa. Koma Zulmira, mwana wa mphunzitsi, anaona kuti Felizardo akumanga manati ndi dzanja lokha, kukoka sipanala kamodzi n'kupita pa ina.

"Suponda sipanala? Bambo amati nati yosapondedwa ndi bodza."

"Pano sitiponda, Dona. Tikaponda, pomasula timataya nthawi, ndipo taonani anthu akudikira suti yomweyi. Kuchokera pano kufika pa geti ndi pongolavula malovu. Apirira." Anaimirira n'kumuyang'ana m'maso, nthabwala zitatha. "Koma mukatuluka, mukhotere kumanja, kuno. Kumanzere ayi. Ngakhale kukagula madzi, ayi. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka."

"Ndamva."

Atatulutsa kachikwama, Felizardo anakankha dzanja lake mofatsa. "Mudzandilipira Lamulungu lina. Mpando wakumbuyowo umangopita kunyanja wopanda munthu."

"Wadziwa bwanji kuti timapita kunyanja?"

"Beira ndi yaing'ono," anatero, akuyang'ana sipanala yake.

"Mukapemphere musakagwere kwa Wansembe!" anakuwa wa takisi uja pamene Zulmira ankaliza injini. "Ine chaka chatha anandipeza ndi machimo amene ngakhale mkazi wanga sawadziwa!"

Wansembe sanali wa tchalitchi. Anali woyeza magalimoto wamkulu pamalopo, ndipo anamupatsa dzinalo chifukwa akatsikira m'dzenje pansi pa galimoto yako, ankatulukamo akudziwa zonse zimene wabisa. Ankati salandira kanthu, saseka, ndipo sakweza mawu.

Mzere unkayenda ngati wa kuchipatala. Kutsogolo kunali chinyumba chachitali chotsegula mbali zonse ziwiri, mkati mwake muli mdima ngakhale kunali masana. Magalimoto ankalowa amodziamodzi, ndipo kuchokera mkatimo kunkamveka kulira kwa zitsulo, kenako zii. Lole yaing'ono imene inali patsogolo pa Njiwa inalowa, inakhalitsa, n'kutulukira mbali ina. Mwini wake anakaima panja, pepala lili m'manja, akuyang'ana pansi ngati wauzidwa uthenga wa maliro.

"Manja pa chiwongolero, Zulmira," anatero bambo ake. "Ukunjenjemera chiyani? Mayeso ndi msewu womwewo."

Dzanja linakodola kuchokera mumdimamo. Zulmira analowa.

Anali Wansembe yemweyo. Munthu wamtali, wowonda, wa imvi m'mbali, ovolosi yake yoyera mbee ngati sagwira galimoto. M'thumba la pachifuwa munali kanyundo ndi tochi.

"Nyali," anatero. Zulmira anayatsa. "Zazikulu. Kumanja. Kumanzere. Hutala."

Njiwa inalira ndi mawu ake osasa. Wansembe analemba kanthu. Anapita kumbuyo, anaika chida chake mu paipi ya utsi, anadikira, analembanso. Nkhope yake sinkanena kalikonse.

"Akuluwa atsike."

"Chonde, bambo, asatsike. Sali bwino. Akatsika amasokonezeka."

Wansembe anayang'ana chipewa chimene chinaphimba nkhope ya nkhalambayo, n'kungokweza phewa. "Pitani padzenje."

Dzenjelo linali lalitali, lopapatiza, lokumbidwa bwino m'mbali ngati manda a munthu wolemera. Zulmira anayendetsa Njiwa pamwamba pake, tayala uku, tayala uku. Anaona mutu wa imvi ukutsika masitepe mpaka unazimirira pansi pa boneti. Kenako zitsulo zimene matayala akutsogolo anapondapo zinayamba kugwedezeka, kukokera uku ndi uku, galimoto yonse ikunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Chapansi kumanzere kunamveka kaphokoso kamodzi, kakang'ono: gu.

Zitsulo zinaima.

Kanyundo kanayamba kugogoda pansi pa mapazi ake. Go, go, go. Kanasunthira kumbuyo. Go, go. Kanabwerera kutsogolo kumanzere, n'kukhala chete nthawi yaitali. Zulmira anaona m'maganizo bambo wa magalasi akuda uja akuyatsa moto wake wabuluu, akuyamba ndi chitseko cha kumanzere.

Wansembe anatuluka m'dzenje mosafulumira. Anafika pawindo n'kuonetsa chala chake. Chinali ndi choko.

"Matayala abwino," anatero motsitsa mawu. "Ndimawadziwa. Mwezi watha ndinalemba mtanda mkati mwa lililonse, mbali imene eni ake sayang'anako. Kuyambira pamenepo ndakumana nawo kambiri kuposa mkazi wanga."

Kenako anamutsegulira Zulmira chitseko.

"Atsala mabuleki. Tsikani, ndiyendetsa ndekha. Tikatero tikambirana."

Zulmira anatsika n'kukaima pambali pa chipilala. Wansembe anapinda thupi lake lalitali n'kukhala pa chiwongolero. Anatseka chitseko, n'kutambasula dzanja kuti agwire giya.

"Galasi kaye, Damião!"

Mawu a Bambo Anacleto anamveka chinyumba chonse. Dzanja lija linaima m'malere.

"Zaka zonsezi sunaphunzirebe? Ukalowa m'galimoto ya mwini, umayamba wakonza galasi. Ndiponso wakhala ngati thumba la makala. Wongola msana."

Woyeza wina amene ankadutsa ndi mapepala anaima kukamwa kuli yasa. Zulmira anaona Wansembe, munthu amene madalaivala a Beira yense ankamutchula monong'ona, akuwongola msana. Anaona dzanja lake likukwera pang'onopang'ono kukakonza galasi. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana pansi pa chipewa chija.

"Aphunzitsi," anatero. Mawu ake anali a mnyamata.

"Tiye, tiye, anthu akudikira. Ndipo kilachi usaisiye ngati waponda njoka, ndimakudziwa iwe."

Njiwa inakwera pa zitsulo zozungulira zoyezera mabuleki. Zinalira, matayala anazungulira galimoto ili pamodzimodzi, kenako inagwira n'kudzuka kutsogolo. Akumbuyo chimodzimodzi. Wansembe anazimitsa injini koma sanatsike msanga. Atatsika anabwera pa chipilala paja.

"Ndinamva kuti anadwala," anatero. "Koma akundidziwa."

"M'galimoto momwemo basi. Akaponda pansi, ngakhale ine sandidziwa." Zulmira anayang'ana Njiwa. "Ikalephera lero, achimwene akukaidulitsa ku Munhava."

Sanapemphe kanthu. Wansembe naye sanalonjeze kanthu. Anayang'ana choko cha pa chala chake, n'kuchipukutira pa ovolosi yoyera ija, n'kulowa mu ofesi. Zulmira anadikira akumvera malata a denga akutetheka ndi kutentha. Wansembe atatuluka anali ndi pepala, ndipo analimata yekha pagalasi, akulisalaza ndi chikhatho.

"Mafupa ake akadali olimba. Mabuleki akugwira. Matayala ndawaona ali ndi mano, ndipo ndalemba zimene ndaona." Anawerama pawindo pamene Zulmira ankakhala pa chiwongolero. "Koma lakutsogolo kumanzereli landiuza zina. Mukatuluka, kumtengo molunjika. Mwandimva, mayi? Molunjika. Ndipo mvula isanayambe mupeze matayala anuanu."

"Zikomo, bambo. Zikomo kwambiri."

"Musandithokoze. Sindikudziwa ngati ndakuchitirani zabwino." Anavula chipewa chake. "Muyende bwino, aphunzitsi."

"Uzikonza galasi," anatero Bambo Anacleto.

Pa geti Zulmira anaima. Kumanja, patali pang'ono, mtengo wa mango unali mbuu ndi fumbi, ndipo Felizardo anali ataimirira pa tayala, dzanja pachipumi. Ataona pepala pagalasi anaponya chipewa m'mwamba. Zulmira anaseka, misozi ili m'maso, n'kuyatsa nyali yokhotera kumanja.

"Nyanja yadzadza lero," anatero bambo ake. Anali atatulutsa mphuno pawindo. "Ukuimva? Khotera kumanzere, mwanawe."

"Bambo, tikabweze kaye matayala. Tipita Lamulungu."

"Zulmira." Anamugwira pamkono, chinthu chimene anali asanachite chiyambire kudwala. Maso awo anali oyera, odzadza, a bambo ake enieni a kale. "Ndikufuna ndikakuonetse pomwe amayi ako anandigwirira. Sindinakuuzepo. Lero ndikuikumbuka yonse, ndi mtundu wa nsalu imene anavala. Lamulungu sindikudziwa ngati idzakhalepo."

Kumbuyo wina analiza hutala. Zulmira anayang'ana kumtengo, anayang'ana dzanja limene linali pamkono pake. Amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo nkhani zawo zonse zinali m'mutu umodzi wokhawu, umene unkadontha tsiku ndi tsiku ngati chidebe chobooka. Ndiyenda pang'onopang'ono, anadziuza. Apirira pa zitsulo zogwedeza zija, alephera bwanji msewu wabwinobwino?

Nyali ya kumanja inazima. Ya kumanzere inayaka.

Sanayang'ane kumtengo pamene ankakhota.

"Anabwera kudzaphunzira galimoto," anayamba Bambo Anacleto, atakhazikika. "Namwino, wa kuchipatala chachikulu. Nsalu yobiriwira ya maluwa achikasu. Ine ndinali ndi ndevu nthawi imeneyo, usaseke. Mlungu woyamba ndinaona kuti mtsikanayu ali ndi mutu. Giya ankasintha ngati akusenda nthochi. Koma tikangofika pa nsanja ya nyali ku Macuti, galimoto thii, yazima."

Anadutsa Munhava, pakati pa malole a kudoko ndi maenje a mumsewu. Kuseri kwa mpanda wina wa malata kunkaoneka milu ya magalimoto odulidwa, ndi kamoto kabuluu kakuthwanima. Zulmira anapenya kutsogolo. Tayala linagwa m'kadzenje.

Gu.

"Ndimati vuto ndi injini. Ndinaimasula kabuleta Loweruka lonse. Lolemba tafika pa nsanja paja, thii."

Gu. Gu.

Kaphokosoko kankabwera mwa apo ndi apo, ngati munthu wogogoda pakhomo mwaulemu. Zulmira anachepetsa liwiro. Kanachepa. Anadziuza kuti ndi mwala walowa m'mano a tayala. Akanaima, akanayenera kutsika, bambo ake akanatsikanso, ndipo nsalu yobiriwira ija ikanapita osabwerera.

"Ndiye munatani, Bambo?"

"Ndinkatsika, n'kutsegula boneti, iye n'kumaima pambali panga akuyang'ana nyanja, akundifunsa mafunso. Kwanu n'kuti, mumadya chiyani, amakuchapirani ndani. Ine osazindikira, chitsiru cha munthu."

Analowa msewu wa m'mbali mwa nyanja. Madzi anali otuwa ngati mitambo, osaoneka polekezera. Kunalibe ana osambira, kunalibe ogulitsa nsomba. Chiwongolero chinayamba kunjenjemera m'manja mwake, poyamba ngati mtima wa mbalame, kenako mwamphamvu. Gugu, gugu, gugu. Wogogoda uja anali atasiya ulemu.

Anayang'ana pagalasi. Njinga yofiira inalipo. Koma lero sinali kutali. Inkabwera mothamanga, nyali ikuthwanima, wokwerapo wopanda chipewa akugwedeza dzanja.

Nsanja ya nyali inaonekera kutsogolo, yofiira ndi yoyera, pamwamba pa mitengo.

"Tsiku lina ndinati ndiyang'ane mapazi ake m'malo mwa msewu. Tikuyandikira nsanja, ndinangoona kaphazi kake kakunyamuka dala pa kilachi, ndiye ndinati..."

Anasiya. Anapendeketsa mutu, khutu kumunsi.

"Chotsa phazi pa mafuta." Mawu anali ena tsopano, ozizira, a ntchito. "Buleki usaponde. Ndati usaponde! Manja awiri. Tayala likuchoka."

"Bambo!"

"Usandiyang'ane ine, yang'ana msewu. Giya yachitatu. Bwino. Isiye ifooke yokha. Yachiwiri. Kokera kumchenga pang'onopang'ono, ngati ukugoneka mwana. Gwira. Gwira, Zulmira."

Njiwa inali itatsala pang'ono kuima pamene inagwada. Mbali ya kumanzere inagwa pansi ndi mkokomo, chitsulo chinakukuta phula, kenako mchenga, galimoto inazungulira pang'ono n'kuima itapendekeka. Tayala lija linapitirira lokha, mowongoka, mosafulumira. Linadumpha kakhoma, linatsika mchenga, linalowa m'madzi n'kugona.

Kunali zii. Injini inali itazima. Nsanja inali pamwamba pawo.

"Mwavulala, Bambo?"

"Pamalo pomwepa," anatero iwo, akuyang'ana kunja modabwa. "Thii."

Njinga inagwetsedwa pamchenga isanaime n'komwe. Felizardo anatsegula chitseko cha Zulmira ndi mphamvu, nkhope itatuwa.

"Ndinati kumanja! Ndinati chiyani ine? Iwe Zulmira, ukufuna undiphe?" Udona uja unali utatsala kumtengo. Anamugwira mapewa, anamuyang'ana kumutu, m'manja, kenako anamusiya msanga ngati wagwira mphika wamoto. "Lamulungu lililonse ndimakutsatira ndi sipanala m'chikwama kuopa zomwezi, ndiye zikachitike ndi manati omanga ine?"

"Unali iwe."

"Ukanafuna akhale ndani?"

Zulmira anamuyang'ana. Nkhope imene ankaipatsa njinga ija inali yomweyi, koma m'maloto ake sinkanjenjemera chonchi.

Felizardo anazungulira n'kugona pamchenga kuyang'ana pansi pa Njiwa. Anakhalako nthawi. Atadzuka sanamuyang'ane m'maso.

"Mabawuti aduka onse. Izo n'zazing'ono. Koma chitsulo chogwira tayala chathyoka, ndipo chakokera ndi pomwe chimamangidwa, pamene panali dzimbiri. Apa palibe powotcherera." Anapukuta mchenga kumaso. "Abale ake a galimoto iyi anathera ku Munhava kalekale. Siidzayendanso, Zulmira."

Ali mkati molankhula, chitseko cha kumanzere chinakukuta mchenga. Bambo Anacleto anali atatsika kuti aone okha. Anaima, dzanja lili pa denga la galimoto. Kenako analichotsa. Zulmira anaona nyali ija ikuzima, chipinda ndi chipinda. Anayang'ana nyanja, anayang'ana nsanja, anayang'ana mtsikana amene ankalira patsogolo pawo, n'kuvula chipewa.

"Pepani, mayi," anatero. "Mwachita ngozi? Kwanu n'kuti, tikawauze?"

Zulmira anawagwira dzanja. "Bwerani mukhale pansi, bambo. Mungatope."

Anawakhazika pampando wopendekeka uja, anatseka chitseko, anazungulira n'kukhala pa chiwongolero. Anaika manja onse awiri pamalo pake, n'kudikira. Mafunde anamenya, anabwerera, anamenyanso. Felizardo anali m'madzi mpaka m'mawondo, akukoka tayala lake.

"Zulmira," anatero mawu a kumanzere. "Waimika moipa."

"Pepani, Bambo. Munati munaona phazi la Amayi likunyamuka. Ndiye munati chiyani?"

Bambo Anacleto anakhwinyata chipumi. Anafufuza pagalasi, pa bondo, m'chipewa.

"Phazi la ndani?"

Njiwa inabwerera kunyumba pamsana pa lole. Anaikhazika pa njerwa pansi pa kadenga kake, mphuno italoza ku geti. Horácio anafika madzulo ake ndi bambo wa magalasi akuda uja. Anakalipa mpaka mawu anasasa, ndipo Zulmira anangomvetsera, poti zonse zinali zoona. Atatha, Zulmira anangomulozera pagalasi. Horácio anawerenga pepalalo. Anayang'ana bambo ake, amene anali m'katimo akumuuza kuti achoke kutsogolo kwa galimoto, Horácio iwe, udzagundidwa.

"Mpaka pepala litatha," anatero potsiriza. "Ndinalumbira. Koma chaka chamawa ipita bwanji kokayezetsa, pa njerwa?"



Tsopano amapita kunyanja tsiku lililonse, osati Lamulungu lokha, poti mafuta safunika. Zulmira amakonza galasi, amaponda kilachi, amasintha magiya, bambo ake akumuuza pokhota. Lamulungu mpando wakumbuyo umakhala ndi munthu, amene amadzudzulidwa chifukwa chotsamira chitseko. Nthawi zina Zulmira amazimitsa dala injini yosalirayo n'kunena kuti, "Thii, Bambo, tafika pa nsanja," n'kudikira. Nsalu yobiriwira ija sinabwererebe.

Dzuwa la Beira limadya inki msanga, ndipo pepala lija layamba kale kuyera m'mbali. Bambo wa magalasi akuda amadutsa pa njinga yake kawirikawiri, ngakhale njira ya ku Munhava si imeneyo. Akafika pa geti amachepetsa liwiro, amasuzumira pagalasi, milomo ikugwedera. Sapereka moni. Bambo Anacleto amamukwezera dzanja, monga achitira madalaivala akakumana pamsewu.